Galimoto yankhondo ya matayala mu War Thunder: dziwani potulukira musanaombe

Sabata siitha popanda wina kundifunsa funso lomweli: "Ndatsegula M8, kapena Puma, imathamanga bwino kwambiri, koma ndikumafa mphindi ziwiri zisanakwane. Ndikulakwitsa pati?" Ndayankha mpaka zala zatopa, ndiye lero ndikulemba kamodzi kokha. Wina akadzafunsanso ndizingomulozera pano.

Ndikamba za War Thunder, gemu ya kampani ya Gaijin Entertainment, makamaka nkhondo za Realistic, momwe dzina la mdani silioneka pamwamba pake ndipo muyenera kumupeza ndi maso anu. Zambiri mwa izi zigwiranso ntchito mu Arcade, kungoti kumeneko kubisala n'kovuta chifukwa gemu imakuululani yokha. Zitsanzo zanga zichokera pa magalimoto a nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse: M8 ya ku America yomwe asilikali a ku Britain ankaitcha Greyhound, Sd.Kfz. 234/2 ya ku Germany yomwe tonse timangoti Puma, Daimler ya ku Britain, AB 41 ya ku Italy ndi AMD.35 ya ku France.

Mawu awiri atatu tisanayambe. Ndikati kasinja ndikunena galimoto yankhondo yoyenda pa matcheni. Ndikati mutu ndikunena chipinda chozungulira chapamwamba chija chomwe chimanyamula mzinga, chomwe pa sikirini amalemba kuti turret. Mapoyinti ndi malo olembedwa A, B ndi C omwe matimu amalimbirana.

1. Idziweni galimotoyo musanapite nayo kunkhondo

Ambiri amangoona nambala ya liwiro basi. M8 yeniyeni, yomwe kampani ya Ford inapanga zoposa 8,000 pakati pa 1943 ndi 1945, inkafika pafupifupi makilomita 90 pa ola pamsewu wabwino. Koma injini yake inali ya mahatchi 110 okha, chitsulo chake chopyapyala, ndipo mutu wake ulibe denga. Kunkhondo ntchito yake sinali yolimbana ndi akasinja maso ndi maso. Inali yokazonda, kuona n'kubwerera kukanena. Puma nayonso ndi chimodzimodzi: matayala 8, mzinga wa mamilimita 50, koma chitsulo chakutsogolo mamilimita 30 okha, m'mbali chochepera pamenepo. Gemuyi yatsanzira zimenezi mokhulupirika, ndiye musayembekezere chifundo.

Muli m'garaja, tsegulani X-ray muone pomwe pakhala anthu anu, pomwe pali zipolopolo ndi pomwe pali injini. Kenako lowani mu test drive, bwalo loyeserera galimoto, muyese zinthu zitatu zomwe ambiri sayesa. Choyamba, rivesi: ibwezeni m'mbuyo mpaka liwiro litasiya kukwera, muloweze nambalayo pamtima. Chachiwiri, itembenuzeni kuti iyang'ane komwe yachokera, muone kuti ikufuna malo aakulu bwanji. Chachitatu, thamangani kwambiri n'kuponda mabuleki mwadzidzidzi, muwerenge masekondi omwe mzinga ukutenga kuti usiye kugwedera. Zitatu zimenezi ndi zimene zidzakupulumutseni kapena kukuphetsani, osati liwiro lakutsogolo lija.

2. Nyamulani zipolopolo zochepa, ndipo yambani ndi zokonzera

Puma imalowa zipolopolo 55, M8 imalowa 80. Simudzaomba zonsezo pa moyo umodzi. Chipolopolo chilichonse chomwe mwanyamula popanda chifukwa ndi bomba lomwe mwadzitchera nokha m'galimoto. Ine ndimatenga pakati pa 25 ndi 30, ndipo zikachepa ndimakaima pa poyinti yomwe timu yathu yalanda, pomwe gemu imakuwonjezerani zina.

Pa mtundu wa chipolopolo musavutike mtima. M8 imafuna M51B1 mukangoitsegula, Puma imakwanira ndi PzGr 39. Kusiyana kwake ndikufotokozerani pa nambala 6, chifukwa kumasintha malo oombera.

Pa zowonjezera zomwe mumatsegula ndi mapointi a kafukufuku (omwe mumapata posewera, osati malo a A, B ndi C aja), yambani ndi zida zokonzera ndi chozimira moto, kenako matayala, mabuleki, giyabokosi ndi injini. Galimoto ya matayala yomwe sinakonzedwe imayenda ngati yalemedwa ndi katundu, ndipo anthu ambiri amaida pa nthawi imeneyi asanailawe kukoma kwake.

3. Mphindi yoyamba: sankhani njira, osati mdani

Pamene mapu akutseguka, nthawi imeneyo si yoyang'ana kwina. Funani misewu. Tayala limakonda msewu wolimba. Mumchenga wa ku Sinai, m'matope, kapena m'chipale chofewa cha pa mapu a Finland ndi Frozen Pass, galimoto yanu imasanduka kamba, ndipo akasinja omwe munawasiya m'mbuyo amakupitirirani. Msewu wozungulira wautali nthawi zambiri umakufikitsani msanga kuposa njira yachidule yodutsa m'munda.

Samalaninso ndi tizinthu tating'ono. Mpanda, kamtengo, khoma lalifupi, zonsezi kasinja amangoponda n'kudutsa, koma inu zimakudyerani liwiro lonse, mwinanso kukuimitsani pamalo poyera. Kugunda chinthu cholimba muli pa liwiro kumathyola tayala kapena kukomola dalaivala. Ine ndinagubuduzapo Puma pa kona ya m'tauni ndisanaone mdani ndi mmodzi yemwe, n'kukhala chagada kudikira mnzanga woti andikoke ndi chingwe. Sanabwere.

Tsono cholakwa chachikulu cha onse ondifunsa chili apa. Akuona kuti afika msanga, ndiye amalunjika pa poyinti yapakati. Inde amafika oyamba, mwina n'kulandadi. Koma masekondi 20 otsatira timu yonse ya adani imatulukira, mizinga yonse italoza pa poyinti yomweyo, anzawo akadali kutali. Kuthamanga sikufika. Liwiro munapatsidwa kuti mukakhale pamalo omwe mdani sakuyembekezera munthu pa nthawi imeneyo: m'mbali mwa msewu womwe iye adutse popita ku poyinti, kuseri kwa chitunda, pakati pa nyumba ziwiri. Ngati pali poyinti yakumbali yomwe ili pafupi ndi kwanu, ilandeni, palibe vuto. Yapakati isiyireni a zitsulo zochindikala.

Musapitirire mpaka pafupi ndi pomwe adani amayambira. Gemu imakuonetsani pa mapu awo mukayandikira kwambiri, komanso wongobadwa kumene amakhala ndi kanthawi koti sangaphedwe. Mukaombana naye, mudzaluza ndinu.

4. Mukayandikira, chepetsani liwiro, imani, mverani

Mamita 100 kapena 200 omaliza musawathamange. Injini yolira kwambiri imamveka patali, ndipo fumbi limaoneka. Fikani mwakachetechete, imani kuseri kwa chinthu, kenako gwirani batani la C lomwe limakulolani kuyang'ana uku ndi uku popanda kutembenuza mutu wa galimoto. Mabainokula ndi abwino koposa chifukwa amayang'anira pamwamba, pomwe pali mkulu wa galimoto, ndiye mutha kuona kuseri kwa chitunda thupi lonse litabisika.

Valani mahedifoni. M'makonzedwe a mawu, tsitsani kulira kwa injini yanu kuti muzimva za ena. Matcheni a kasinja amamveka asanaoneke, ndipo mukazolowera mudzayamba kudziwa ngati akubwera kumanzere kapena kumanja, mmodzi kapena awiri. Pali batani lozimitsira injini, ndipo limathandiza pobisalira, koma kumbukirani kuti kuilizanso kumatenga masekondi angapo. Musazimitse pamalo omwe mungafunike kuthawa mwadzidzidzi.

Ngati galimoto yanu ili ndi scouting, yomwe magalimoto opepuka ambiri amakhala nayo kuyambira rank II (gawo lachiwiri la magalimoto m'gemu), iikeni pa batani lapafupi ndi chala. Mukaloza mdani n'kudina, amaikidwa chizindikiro chomwe timu yonse imaona kwa pafupifupi theka la mphindi. Mnzanu akamupha, nanunso mumalandira mphoto, ndipo mukatsegula chowonjezera cha Airstrike mtengo wokwerera ndege umatsika. Lamulo langa ndi lakuti ndiyambe ndaika chizindikiro, kuomba pambuyo. Ngakhale ndiphonye kapena ndife, anzanga adziwa pomwe ali. Musamangodina paliponse mongoyerekeza, chifukwa mukadina pomwe palibe munthu batanilo limatseka kwa kanthawi, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe mdani weniweni amatulukira.

5. Kaimikidwe ka galimoto

Apa ndi pomwe ndikufuna mukhale pansi, chifukwa malangizo ambiri amangoti "zungulirani kumbali, ombani, thawani" ngati kuthawako n'kongodina batani.

Kasinja akafuna kutembenuka amaimitsa tcheni limodzi n'kuzungulira pomwepo. Galimoto ya matayala siingathe. Kuti ikhote iyenera kuyenda, ndipo kuti itembenukiretu mumsewu wopanikiza muyenera kupita kutsogolo, kubwerera, kupitanso kutsogolo, monga dalaivala aliyense amachitira. Zimenezo ndi masekondi 10 kapena kuposa, mbali yanu yonse ili poyera. Akasinja ambiri a msinkhu umenewu amalonganso mzinga nthawi imeneyo isanathe. Ndiye imfa zambiri za magalimotowa sizichitika poomba ayi, zimachitika potembenuka.

Choncho musanaombe chipolopolo choyamba, funso si lakuti "kodi ndimulasa?" Funso ndi lakuti "ndikaomba, ndidina W (kutsogolo) kapena S (kumbuyo), ndipo ndikathera kuti?" Ngati yankho likufuna kukhota kaye, malowo ndi olakwika, ngakhale mdani akuoneka bwino chotani. Potulukira pazikhala mzere wowongoka, kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo chobisalapo chikhale pafupi, mtunda wosaposa kutalika kwa galimoto ziwiri kapena zitatu.

Pali njira zitatu zoimikira, ndipo yoyenera imadalira nambala ya rivesi ija munaloweza pa nambala 1.

Yoyamba ndi ya magalimoto a rivesi yamphamvu. Puma, AB 41 ndi AMD.35 zenizeni zinali ndi dalaivala wachiwiri woyang'ana kumbuyo, ndipo Daimler inali ndi magiya 5 opita kutsogolo ndi 5 obwerera. Anazipanga dala kuti zizithawa chafutambuyo osatembenuka, ndipo m'gemu zimabwerera mwachangu ndithu. Ndi zimenezi mutha kusuzumira pa kona kapena pamwamba pa chitunda ndi mphuno, kuomba, n'kubwerera momwe munadzera. Koma yang'anani kumbuyo musanasuzumire. Mwala umodzi, chitsa, kapena mnzanu wa timu yemwe wakutsatirani n'kuima kumbuyo kwanu, basi mwatsekeredwa. Anzathu a akasinja olemera amakonda kwambiri kuima pamenepo.

Yachiwiri ndi ya magalimoto a rivesi yaulesi ngati M8. Musasuzumire ndi mphuno, chifukwa kubwerera kwake mudzakalamba. M'malo mwake imani chopingasa, mbali yanu italoza komwe mdani adzere, mutu mutautembenuzira kumeneko, ndipo kutsogolo kwanu kukhale nyumba kapena thanthwe loti mukalowe kuseri kwake. Mpata wa pakati pa nyumba ziwiri ndi wabwino kwambiri. Mumaima pampatapo, kuomba cham'mbali, n'kudina W. Giya yoyamba ya kutsogolo imanyamuka msanga kuposa rivesi, ndipo masekondi awiri mwasowa. Wina anena kuti, "koma ndikuonetsa mbali yanga." Inde. Kodi kutsogolo kwanu kukanaletsa chiyani? Pa galimoto imeneyi mbali ndi kutsogolo zonse ndi pepala. Chomwe chikukutetezani ndi kuchepa kwa nthawi yomwe mukuoneka.

Yachitatu ndi yolowa chafutambuyo. Mumafika pamalopo, kutembenukiratu mukadali obisika, n'kubwerera pang'onopang'ono mpaka mzinga, womwe mwauloza kumbuyo, utaona msewu. Mphuno yaloza kale kwanu. Mukaomba mumangodina W ndi kuchoka pa liwiro lonse. Phindu lina n'lakuti injini, yomwe pa M8 ndi Puma ili kumbuyo, imakhala pakati pa mdani ndi anthu anu, ndipo nthawi zina imameza chipolopolo. Kuipa kwake n'kwakuti ikameza, mwaima pomwepo, mwinanso mukuyaka. Komanso pa magalimoto ena mzinga sutsika mokwanira ukaloza kumbuyo, ndiye yesani mu test drive. Njira imeneyi ndimaigwiritsa ntchito pomwe ndikudziwa kuti kukubwera gulu, ndipo ndikufuna chipolopolo chimodzi kapena ziwiri basi.

Njira iliyonse mwa zitatuzi, kutembenuka kwakukulu kuchitike musanaonekere. Mukafika pamalo atsopano, ntchito yoyamba ndi kuikonza galimoto kuti iloze potulukira, ngakhale zikutengereni masekondi 15 muli kuseri kwa nyumba. Masekondi amenewo ndi aulere. Omwewo mdani atakuonani ndi okwera mtengo.

Pali kanthu kena ka chiwongolero komwe kamasokoneza anthu. Pobwerera m'mbuyo, galimoto ya matayala imakhota mosiyana ndi momwe zala zanu zinazolowerera pa kasinja, ndipo mukapanikizika mudzadina batani lolakwika n'kukaguguda khoma. Palibe mankhwala ena koma kuyeserera. Tengani mphindi 10 mu test drive mukungoyenda chafutambuyo mozungulira nyumba, mutu utaloza kwina. N'zotopetsa, koma zala zikaphunzira siziiwala.

Mutu nawo muuganizire. Pa M8 ndi Puma zenizeni mutu ankauzunguza ndi manja, ndipo m'gemu suthamanga ngati matayala ake. Mukamayandikira kona, lozeranitu mzinga komwe mukuganiza kuti kuli mdani. Kufika pa kona mzinga utaloza kutsogolo pamene mdani ali kumanja ndi kumupatsa mwayi woyamba kuomba.

Chomaliza pa kaimikidwe: musaime pamwamba penipeni pa chitunda pomwe thupi lanu lijambulika kuthambo, ndipo musaime pansi pa mtengo wokhawokha pakati pa munda. Malo omwe akuoneka abwino kwa inu akuonekanso abwino kwa mdani, ndipo ndi pomwe ayambire kuyang'ana.

6. Dikirani, kenako lasani pomwe pakupweteka

Mdani akatulukira, mtima umathamanga. Ugwireni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Msiyeni adutse mpaka mbali yake ionekere bwino ndipo mzinga wake waloza kwina. Ngati akubwera atatu, musaombe woyamba, chifukwa awiri akumbuyowo akuyang'ana komweko ndipo aona utsi wanu. Ombani womaliza. Akutsogolo amatenga nthawi kuti azindikire kuti mnzawo wafera kumbuyo.

Ngati munali pa liwiro, imani kaye mpaka mzinga ukhazikike. Galimoto ya matayala imagwada ndi kudzuka mukaponda mabuleki, ndipo chipolopolo chothamangira chimapita m'mwamba kapena m'dothi. Sekondi imodzi yodikira imaposa masekondi anayi olonganso.

Za pomwe mulase. Mbali ya Sherman, kasinja wa ku America, ndi mamilimita 38 ndipo ndi yowongoka, Puma imaboola mosavuta. Panzer IV wa ku Germany mbali yake ndi mamilimita 30 kapena kucheperapo. T-34 wa ku Soviet Union ndi wachinyengo: mbali yake yam'mwamba ndi yopendekeka ndipo chipolopolo chimatha kutsetsereka, ndiye lozani m'munsi, pakati pa mawilo ndi m'mphepete mwa thupi, pomwe chitsulo chili chowongoka, kapena m'mbali mwa mutu. KV-1, kasinja wolemera wa ku Soviet Union, ali ndi mamilimita 75 ngakhale m'mbali. Ameneyo ngati simuli pafupi ndipo simunamupeze mowongoka bwino, muikeni chizindikiro, mudule tcheni kapena mumuthyole mzinga, n'kumusiyira anzanu. Si mdani aliyense amene ndi wanu.

Tsopano kusiyana kwa zipolopolo kuja. PzGr 39 ya Puma ili ndi onga pang'ono m'kati, ndiye ikaboola imaphulika n'kuvulaza onse oyandikana. Lozani pakati pa thupi, pansi pa mutu, nthawi zambiri kamodzi kapena kawiri nkhani yatha. M51B1 ya M8 ndi chitsulo chokhachokha, chimapha chomwe chili m'njira yake basi. Ndi chimenechi muyenera kuchotsa anthu mmodzimmodzi, ndipo woyamba akhale woombera. Pa Panzer III, Panzer IV ndi T-34 woombera amakhala kumanzere kwa mzinga, kutanthauza kuti mukamuyang'ana kutsogolo ali kudzanja lanu lamanja. Pa Sherman ali mbali inayo. Woombera akagwa muli ndi masekondi angapo wina asanalowe pampando wake. Chachiwiri chipite kwa dalaivala kapena injini kuti asathawe, kenako malizani otsalawo. Kasinja amafa akatsala ndi munthu mmodzi yekha. Ubwino wa mzinga wa M8 wa mamilimita 37 ndi wakuti umalonga msanga, ndiye mukayamba bwino mdani sapeza mpata woyankha.

Mfuti yaing'ono ya pa space bar musamangoiliza. Zipolopolo zake zowala zimaloza komwe muli ngati chala. Isungireni magalimoto opanda denga ndi malole onyamula mizinga yoombera ndege, omwe anthu ake ali poyera.

7. Mukapha mmodzi kapena awiri, chokani

Yemwe mwamupha amaonetsedwa komwe chipolopolo chinachokera. Abweranso, mwina ndi kasinja wina, mwina ndi ndege, ndipo akudziwa chitsamba chenicheni chomwe mwabisalamo. Anzake nawonso aona chizindikiro pa mapu. Malo amodzi, anthu awiri, basi. Wachitatu akaoneka mtima umati "uyu yekha," ndipo ndi yemweyo amene amadza ndi mnzake kumbali. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kusamuka sikutanthauza kupita kutali. Mamita 150 kumbali, pomwe mukuona malo anu akale, ndi pabwino kwambiri, chifukwa wobwezera uja afika ataloza mzinga pa chitsamba chopanda munthu, mbali yake ili kwa inu.

Mukalasidwa koma simunafe, musadabwe. Zipolopolo zina zophulika zimafuna chitsulo chochindikala kuti ziyake, ndiye pa galimoto yopyapyala zimangolowa uku n'kutulukira uko. Umenewo ndi mwayi, si chitetezo, ndipo sukubwera kawiri. Yang'anani kachithunzi ka galimoto kumunsi kumanzere. Ngati dalaivala ndi injini zili bwino, chokani nthawi yomweyo, ngakhale tayala limodzi lathyoka, chifukwa ya matayala 6 kapena 8 imakwawabe. Kukonza, komwe ndi kugwira batani la F, muchitire kuseri kwa chinthu, popeza mukayamba kukonza galimoto siyenda. Moto zimitsani msanga ndi batani la 6. Puma ili ndi mabomba a utsi pa batani la G. Aponyeni pakati pa inu ndi mdani, ndipo mukabisika musapitirire mzere womwe munkayenda, chifukwa iye aombera mu utsimo molingalira komwe munalowera.

8. Adani anu enieni

Mudzaona kuti si akasinja akuluakulu omwe amakuphani kawirikawiri. Ndi timfuti tothamanga. Mfuti ya .50 yomwe ili pamwamba pa akasinja ambiri a ku America imaboola mbali yanu mukayandikira, ndipo mizinga ya mamilimita 20, ya Panzer II kapena ya magalimoto oombera ndege, imakung'ambani m'sekondi imodzi. Mukamva kulira kwake kothamanga kuja musasuzumire kuti muone. Zungulirani, kapena dikirani mpaka aime kuti alonge.

Kuchokera mu 2021, pa kusintha kwa Ixwa Strike komwe kunabweretsanso magalimoto a ku South Africa monga Eland ndi Ratel, gemuyi ili ndi chomwe amati overpressure. Tanthauzo lake n'lakuti chipolopolo chophulika chikaphulikira pa galimoto yopyapyala kapena yopanda denga, mphamvu ya kuphulikako imapha onse a m'kati ngakhale chisanaboole bwino. Kwa M8, yomwe mutu wake uli pululu, izi zikutanthauza kuti chenjezo la mizinga yakutali likangooneka pa sikirini, chokani, osadikira kuona ngati igwere pafupi. Ndege nayonso siifuna bomba kuti ikupheni, mfuti zake zokha zikwana. Mukaimva, lowani pansi pa mitengo kapena tsamirani khoma lalitali, ndipo imani. Kuchokera m'mwamba, chinthu choyenda ndi fumbi lake chimaoneka msanga kuposa choima.

9. Nkhondo ikafika pakati

Apa ndi pomwe galimoto ya matayala imabweza ngongole zonse. Akasinja ambiri afa, otsalawo aunjikana pa poyinti imodzi, ndipo misewu yakumbali ili pululu. Tsegulani mapu. Poyinti ya adani yomwe palibe akuilondera ili masekondi 40 kuchokera pomwe muli, pamene kasinja wolemera angatenge mphindi zitatu. Pitani mukailande. Matikiti a adani, nambala yomwe ikatha timu imaluza, ayamba kutsika, inu mupeza ma spawn points okwerera galimoto ina kapena ndege, ndipo adani awiri kapena atatu asiya nkhondo yeniyeni kuti akuthamangitseni.

Polanda, musaime pakati pa bwalo. Imani m'mphepete mwake, mkati pang'ono mwa mzere, pafupi ndi chobisalapo, mphuno italoza potulukira monga pa nambala 5. Chilembo chikayamba kusintha mtundu aliyense pa mapu akudziwa kuti muli pamenepo, ndipo mizinga yakutali ndi ndege zili m'njira. Chikangosintha chonse, tulukani m'bwalomo, mukaime pomwe mukuona msewu womwe wobwera kudzalandanso adzere. Amafika akuyang'ana pakati pa poyinti, ndipo nthawi zambiri amafika yekha.